Kamera yabwino pa dzuwa ndi fumbi la ku Chongwe

Mu 2010 makampani a ku Japan, amene amapanga makamera ambiri a padziko lapansi, anatumiza kumisika makamera oposa 121 miliyoni. Pofika 2023 chiwerengerocho chinali chitatsika mpaka pansi pa 8 miliyoni. Imene inapha msikawo ndi foni, ndipo aliyense amene anakhalapo pa ukwati ku Chongwe kapena pa mwambo wa omaliza maphunziro ku Chalimbana akudziwa mmene zimakhalira: mkwatibwi akangotulukira, manja onse ali m'mwamba, foni iliyonse ikujambula. Komabe pakati pa khamulo simulephera kuona munthu mmodzi kapena awiri atakoleka kamera yakuda m'khosi. Si kameramani wolembedwa ganyu ayi. Ndi mphunzitsi, namwino, kapena wophunzira amene anadzimana kwa miyezi kuti agule chida chimene sichimubweretsera ngakhale ngwee imodzi. Abale ake amamufunsa funso loyenera kufunsidwa: "Kodi achimwene, foni yanuyo sijambula?"

Ine ndimakhulupirira kuti chikondi cha anthu amenewa pa kamera ndi lenzi zopangidwa mwaluso si kudzionetsera. Chili ndi mizu yake mu kayendedwe ka kuwala, mu kagwiridwe ka dzanja la munthu pa chida, ndiponso, kwa ife a kuno, mu njira imene katundu wabwino amadzera kuti atipeze.

Foni tiipatse ulemu wake. Imakhala m'thumba nthawi zonse, ndipo chithunzi chikangojambulidwa chimafika kwa azakhali ku Chipata kapena ku Johannesburg nthawi yomweyo. Kampani ya Transsion ya ku China, eni ake a Tecno, itel ndi Infinix, inalanda msika waukulu mu Africa, mwa zina chifukwa inakonza makamera a mafoni ake kuti aziona bwino nkhope zakuda. Google inachitanso zofanana ndi zimenezi pa Pixel 6 mu 2021. Masana, munthu ataima pafupi, foni yabwino imatulutsa chithunzi chimene palibe angachinyoze. Amene akungofuna chikumbutso cha tsikulo asadzivute n'kugula china.

Zinthu zimasintha dzuwa likapendeka, kapena chojambulidwacho chikatalikira. Mkati mwa kamera iliyonse muli sensa, kachipangizo kolandira kuwala, kamene kanalowa m'malo mwa filimu. M'makamera akuluakulu sensa imakhala mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, muyeso womwe Oskar Barnack anasankha pa filimu pamene ankapanga Leica yoyamba ku Wetzlar, m'dziko la Germany, isanayambe nkhondo ya 1914. M'makamera apakati, amene ambiri a ife timayambira, imakhala pafupifupi 23 ndi 15. M'mafoni wamba siposa mamilimita 6 kapena 7 m'litali. Ndiye kuti kamera yapakati yomweyo ili ndi malo olandirira kuwala oposa a foni kuwirikiza ka 10, ndipo yaikulu kuwirikiza ka 20 n'kupitirira. Kuwala kukachepa, foni imajambula zithunzi zingapo mofulumira, n'kuziphatikiza, n'kusalaza pamene pakusowa. Chotsatira chake chimakongola pa galasi la foniyo, koma chikulitseni muone: nsalu ya chitenje yataya ulusi wake, makwinya a pankhope ya agogo afufutika, masamba a mtengo aphatikana.

Koma sensa ndi theka chabe la nkhaniyi, ndipo si theka limene limagwira mtima wa ojambula. Chimene amachikonda kwambiri, chimene amachikulunga m'nsalu yofewa n'kumachiyang'ana poyera, ndi lenzi.

Pamphuno pa lenzi iliyonse pamalembedwa manambala awiri ofunika. Yoyamba, ya mamilimita, ikunena za kutambalala kwa zimene lenziyo imaona: 18 imatenga bwalo lonse la tchalitchi, 50 imatenga munthu ndi pang'ono za pambali pake, 400 imakoka mbalame ya pamwamba pa mtengo. Yachiwiri, monga 1.8 kapena 5.6, ikunena za kukula kwa bowo limene kuwala kumalowera, ndipo nambalayi ikachepa ndiye kuti bowolo ndi lalikulu. Makamera ambiri oyambira amagulitsidwa ndi zumu ya 18 mpaka 55, imene mukaikokera kumapeto bowo lake limathera pa 5.6. Lenzi ya 50 yosakoka, ya bowo la 1.8, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 kuposa pamenepo. Taganizani za kwaya imene ikuyeserera nyimbo madzulo, magetsi atazima, kuwala kukungolowera pa mazenera a mbali imodzi. Zumu ija ikupatsani anthu ogwedezeka kapena chithunzi chodzaza timadontho, kapenanso ikukakamizani kuyatsa fulashi imene imaphwanya kuwala konse kwa m'chipindamo n'kusiya zipumi zikunyezimira. Ya 50 ija ikupatsani nkhope ya woimba mmodzi ili mbee, pakamwa potseguka, mitsempha ya m'khosi ikuoneka, anzake a kumbuyo ali mwa chimbuuzi chofewa. Foni imayesa kutsanzira chimbuuzi chimenechi powerengera, koma imasokonezeka pa tsitsi loluka, pa ndolo ndi pa nsonga za duku, n'kuzidula molakwika. Lenzi siwerengera kanthu. Chimbuuzicho chimabadwa m'galasi momwemo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti lenzi imeneyi ili m'gulu la zotsika mtengo kwambiri: ya Canon inatuluka mu 2015 pa madola 125.

Mkati mwake muli magalasi 6, ena otukuka, ena olowa mkati, osanjidwa motsatira pulani imene Paul Rudolph wa kampani ya Zeiss anaikhazikitsa mu 1896 n'kuitcha Planar. Galasi limodzi palokha silingathe kusonkhanitsa mitundu yonse ya kuwala pamalo amodzi. Kofiira kumagwera apa, kobiriwira apo, ndipo m'mphepete mwa chithunzi mumapindika. Galasi lililonse lowonjezera limakonza cholakwa cha linzake, ndipo onse ayenera kukhala pa mzere umodzi mosaphonya ngakhale kachigawo kakang'ono ka milimita. Apa m'pamene pagona kusiyana kwa lenzi yabwino ndi yachisawawa: mtundu wa galasi, kasalazidwe kake, ndi chitsulo chimene chagwira magalasiwo kuti asasunthe pakapita zaka. Panalinso vuto lina. Paliponse pamene kuwala kukuchoka mu mpweya kulowa m'galasi, kapena kutuluka, pafupifupi magawo 4 pa 100 amabwerera m'mbuyo. Lenzi ya malo otere 10 imataya gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala, ndipo kotayikako kumangozungulira mkati n'kuyeretsa chithunzi. Mu 1935 Alexander Smakula, wa ku Ukraine, amene ankagwira ntchito ku Zeiss mumzinda wa Jena, anapeza njira yomatira pa galasi kansalu ka mankhwala kopyapyala kwambiri koletsa kubwererako. Mu 1971 Pentax inayamba kugulitsa malenzi omatidwa kangapo. Kunyezimira kofiirira kapena kobiriwira kumene mumakuona mukapendeketsa lenzi padzuwa ndi kumeneko.

Kwa munthu wa ku Chongwe zimenezi si nkhani ya m'mabuku. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mlengalenga mumadzaza fumbi ndi utsi wa tchire lopsa, ndipo dzuwa likamalowa cha ku Lusaka limafiira n'kukhala lalikulu. Imani m'mbali mwa Great East Road nthawi imeneyo, muyang'ane kumadzulo, pamene anyamata a njinga akudutsa ndi matumba a makala osanjikizana kuposa mitu yawo. Kuwala kukuchokera kumbuyo kwawo, kukuwomba molunjika m'lenzi. Yomatidwa mwachisawawa imayera yonse, anthu aja n'kusanduka zithunzithunzi zotuwa. Yomatidwa bwino imasunga kuda kwa makala, kufiira kwa fumbi, ndi kamzere ka kuwala kozungulira phewa ndi chipewa cha wopalasayo. Amene anaonapo kusiyana kumeneku pa chithunzi chake sabwereranso m'mbuyo.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza kuposa zonsezi, ndicho khungu lathu. Kwa zaka zambiri, kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi za mitundu ankatchera makina awo poyerekeza ndi khadi la Kodak limene linali ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina loti Shirley. Khungu lake ndilo linali muyeso. Wofufuza wa ku Canada, Lorna Roth, analemba kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyo kukonza filimu yake kuti izisiyanitsa bwino mitundu yoderako anali opanga chokoleti ndi mipando ya matabwa, amene katundu wawo sankaoneka bwino m'zithunzi zotsatsa. Tsegulani maalubamu a makolo athu a m'ma 1970 ndi 1980. Mupeza zithunzi za ukwati zimene diresi yoyera yaoneka ndi mikanda yake yonse, koma nkhope ya mwini diresiyo yamira mumdima, kwatsala maso ndi mano. Ambiri anakula akuganiza kuti vuto ndi iwo, kuti "satuluka bwino" pa chithunzi.

Vutolo ndi la kuwala ndi chida. Diresi yoyera pa dzuwa la masana ndi nkhope yakuda pansi pa mthunzi wa velo zatalikirana kwambiri pa kuwala, ndipo chida chofooka chimasankha chimodzi n'kutaya chinzake. Sensa yaikulu imasunga zonse ziwiri, makamaka mukajambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene sensa yaona kuti mukazikonze pa kompyuta. Lenzi yabwino nayo imathandiza, chifukwa sithira chifunga pa malo akuda. Pamenepo m'pamene mumaona kuti khungu lakuda si mtundu umodzi: pachipumi pali kufiirira, pa tsaya pali kuwala kwa buluu kochokera kumwamba, pansi pa chibwano pali kutentha kwa dothi lofiira limene munthuyo waimapo. Mafoni ena amathetsa vutoli poyeretsa nkhope ndi kuisalaza, mwini wake osapempha, ndipo ana athu akuzolowera kudziona oyererako kuposa mmene alili. Ine zimenezi zimandiwawa. Munthu amene wasunga ndalama kuti ajambule amayi ake mu mtundu wawo weniweni sindingamunene kuti akuwononga chuma.

Tsono pali dzanja. Tengani Pentax K1000, kamera ya filimu imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997 ndipo anthu osawerengeka anaphunzirirapo kujambula. Ndi yolemera, yozizira mukaigwira m'mawa. Chala chachikulu chikakankha kachitsulo kokokera filimu, mumamva magiya akuyenda mpaka kuima. Mphete ya fokasi imazungulira mosalala koma mokaniza pang'ono, moti mukhoza kuisiya pa diso la munthu osati pa mphuno pake. Batire yake imangoyendetsa kasingano koyezera kuwala. Ikatha, kamera imajambulabe. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima nthawi zina pafupifupi tsiku lonse, aliyense m'dziko muno anaphunzira kuyamikira chida chosadalira soketi. Ngakhale pa makamera a digito pali kusiyana: Nikon D3500 imajambula zithunzi pafupifupi 1,500 pa batire imodzi, pamene makamera oyambirira opanda kalilole mkati ankathera pa 300 kapena 400.

Kukoma kwa chida chotere sikuthera pa kulimba. Mukaika diso pa kawindo ka kamera, dziko lonse limatsekeka, kwatsala chimene mwasankha. Palibe uthenga wa WhatsApp umene ukulowa, palibe amene akuimba. Zala zimaphunzira pamene pali batani lililonse mpaka kusiya kuliyang'ana. Anthu ambiri amene amajambula mongokonda amagwira ntchito zotopetsa maganizo mlungu wonse, ndipo ola limodzi Loweruka m'mawa m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, akudikira kuti kuwala kufike pa madzi, ndi mpumulo weniweni.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ndikuiona kuti ndi yaikulu, imene olemba za makamera a ku Ulaya ndi ku America saiganizira chifukwa sikuwakhudza. Ife sitigula zinthuzi zili zatsopano. Zimatipeza zitadutsa m'manja awiri kapena atatu: m'bale wabwera nayo kuchokera ku South Africa kapena ku Britain, wojambula maukwati wa ku Lusaka wagula ina n'kugulitsa yakale pa Facebook, mlendo wasiya yake kwa amene ankamuperekeza kutchire. Zili ngati magalimoto a ku Japan amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde: imene imafika kuno n'kuyendabe zaka khumi pa misewu yathu ndi imene inapangidwa bwino poyamba. Kamera ya pulasitiki yopepera imafera m'manja mwa mwini wake woyamba, sifika n'komwe ku Chongwe. Choncho luso la wopanga limapindulira kwambiri mwini wachitatu, wa ndalama zochepa, kuposa woyamba amene amasintha kamera zaka ziwiri zilizonse.

Ndipo pa zonse, lenzi ndiyo imakhalitsa. Thupi la kamera ya digito limakalamba msanga: shatala ya makamera oyambira imayesedwa kuti ipirire kutseguka pafupifupi ka 100,000, ndipo sensa yatsopano imaposa yakale pakangopita zaka zochepa. Galasi silikalamba motero. Nikon inakhazikitsa kamangidwe kolumikizira lenzi ku kamera mu 1959 n'kukasunga kwa zaka zoposa 60, moti malenzi ambiri a m'ma 1980 amalowa pa makamera ake a digito. Canon inayamba kamangidwe ka EF mu 1987, ndipo lenzi iliyonse ya EF imagwira pa makamera ake a EOS okhala ndi kalilole. Makamera opanda kalilole, amene anayamba ndi Panasonic mu 2008 n'kukula ndi Sony A7 mu 2013, anatsegula khomo lina: ndi adaputa yotsika mtengo, kamphete kachitsulo chabe, mukhoza kumangirira pafupifupi lenzi iliyonse yakale. Takumar ya Pentax ya m'ma 1960, kapena Helios-44 ya ku Soviet Union imene inkabwera ndi makamera a Zenit, zaukanso motero. Ndiponso chichokereni 2018, pamene Canon ndi Nikon anasamukira ku makamera opanda kalilole, ojambula a m'mayiko olemera akhala akugulitsa zida zawo zakale mochuluka, mitengo n'kutsika. Kwa woyamba kumene, sipanakhalepo nyengo yabwino kuposa ino.

Kugula chogwiritsidwapo kale ntchito kumafuna maso. Masulani lenzi, tsegulani bowo lake lonse, muunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo uku mukuyang'ana kutsogolo mopendeketsa. Timadontho ta fumbi tisakuopseni, palibe lenzi yopanda fumbi ndipo sitioneka pa chithunzi. Chimene muyenera kuopa ndi timizere toyera tofalikira kuchokera m'mphepete mwa galasi. Chimenecho ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya kansalu komatidwa kaja osabwereranso. Yang'anani timasamba tachitsulo totseka bowo: tikhale touma, topanda mafuta, totseka ndi kutseguka msanga. Zungulitsani mphete ya fokasi kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, mumve ngati mukukhukhuluza mchenga. Jambulani khoma loyera bowo litachepetsedwa kuti muone zinyalala za pa sensa. Wogulitsa amene akukana kuti muchite zimenezi musiyeni.

Mukafika nayo kunyumba, adani ake ndi awiri, ndipo amasinthana ndi nyengo. M'chilimwe ndi fumbi. Musasinthe lenzi pamphepo kapena m'mbali mwa msewu wadothi. Lowani m'nyumba kapena m'galimoto, kamera iyang'ane pansi. Musapukute galasi ndi malaya, chifukwa fumbi lathu lili ndi timchenga tokanda. Yambani mwaliuzira ndi kapampu ka labala, kenako nsalu yake yofewa. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mdani ndi chinyezi. Kamera yosungidwa m'chikwama chake mu wodilopu yamdima miyezi itatu ya mvula ndiyo imachita chuku. Kontena ya pulasitiki yotseka bwino, mutaikamo timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato, imateteza mokwanira, bola muzitiumitsanso nthawi ndi nthawi. Okonza makamera ndi ochepa ngakhale ku Lusaka, ndipo zipangizo zosinthira zimachokera kunja, choncho kusamala ndiko kukonza kwathu.

Sindikubisa kuti chikondi chimenechi chili ndi matenda ake. Mu Juni 2022 Leica imodzi ya m'chaka cha 1923, imene inali ya Barnack mwiniwake, inagulidwa pa mayuro 14.4 miliyoni. Imeneyo sidzajambulanso mwana wa munthu. Ikakhala m'bokosi lotsekedwa. Fujifilm X100V inasowa m'masitolo padziko lonse itatchuka pa TikTok, anthu n'kumaigula pa mtengo woposa wa m'sitolo chifukwa cha maonekedwe ake. Pakati pathu pomwe pali ena amene amatha madzulo onse akukangana za Canon ndi Nikon, akuonera mavidiyo oyerekeza malenzi, akulota ya mtsogolo, kamera imene ali nayo ili gone. Pali ena amene amalowa m'ngongole ya kaloba chifukwa cha mzere wofiira wa pa lenzi yodula. Kumeneko ndi kusochera, ndipo mbiri ya ojambula a mu Africa ikutsutsana nako.

Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, anayamba ndi Kodak Brownie imene amalume ake anamupatsa mu 1935. Atatsegula situdiyo yake mu 1948 ankajambula pabwalo la nyumba, ndi kuwala kwa dzuwa, nsalu yoyala pabedi ili kumbuyo, kawirikawiri kamodzi kokha pa munthu aliyense. Koma onani bwino: kamera yake inkatenga negetivu ya masentimita 13 ndi 18, ndipo n'chifukwa chake lero zithunzizo zikakulitsidwa m'nyumba zoonetsera zaluso ku Paris ndi ku New York, maluwa a pa nsalu ndi mphete za m'zala zimaoneka chimodzichimodzi. Chida chake chinali chimodzi, chabwino, ndipo anachidziwa mpaka m'mitsempha. Peter Magubane wa magazini ya Drum anabisa kamera yake mu buledi kuti ajambule pamene apolisi a tsankho ku South Africa ankaletsa. Zinatheka chifukwa panali kamera yaing'ono yodalirika, mbadwa ya maganizo a Barnack aja. Ku Blantyre, Mungo Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni, anatisiyira zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake. Ku Lusaka konkuno, Alick Phiri anayenda m'misewu ndi m'makomboni akujambula anthu wamba pa filimu yakuda ndi yoyera, ndipo patapita zaka zambiri ntchito yake yaonetsedwa pansi pa mutu wakuti Lusaka Street. Palibe mwa anthuwa amene anadikira chida cha maloto ake.

Malo amodzi amene ndalama zimalamuladi ndi pa nyama ndi mbalame. Mtsinje wa Chongwe umakathira mu Zambezi kumalire a kumadzulo kwa Lower Zambezi National Park, nkhalango ya makilomita 4,092 m'bwalo lake imene inakhazikitsidwa mu 1983, kumene njovu zimawoloka madzi ndipo mvuu zimadzaza m'maiwe. Pafupi ndi kwathu pali malo osungira nyama a Chaminuka. Zambia ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, ndipo bungwe la BirdWatch Zambia limasonkhanitsa okonda kuziona. Nkhwazi ili pa nthambi kutsidya kwa mtsinje siijambulika ndi lenzi ya 50, ndipo ikauluka pamafunika shatala yothamanga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kapena kuposa. Lenzi ya 600 ya bowo la 4, imene alendo ena amabwera nayo, imalemera makilogalamu 3 ndipo mtengo wake umaposa madola 10,000. Koma pali njira zapakati. Sigma ndi Tamron anatulutsa mazumu a 150 mpaka 600 pa madola pafupifupi 1,000, ndipo akale ake amatsika kuposa apo. Nikon P900 ya mu 2015, ngakhale sensa yake ndi yaing'ono, imakoka ka 83, ndipo okonda mbalame ambiri amakhutira nayo masana.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zithunzi zabwino kwambiri zokhala ndi dzina la Chongwe ndi za njovu za kumunsi kwa mtsinje, zojambulidwa ndi alendo. Boma lenilenilo, la anthu oposa 300,000, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka, ndipo mzindawo ukulimeza tikuona. Kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kudutsa Silverest, minda ya chimanga ikusanduka mapuloti, mipanda ya njerwa ikumera pamene panali msipu. Mlendo sabwera kudzajambula zimenezo. Sadzajambula msika wa tomato, mzere wa zigubu pa mjigo mtsinje ukaphwa, tchalitchi cha ku Kasisi kumene Ajezuiti anafika mu 1905, kapena ng'ombe zikukoka ngolo m'mawa ku Kanakantapa. Kameramani wa ganyu amajambula chimene walipidwa. Watsala ndi uja wojambula mongokonda, amene ali ndi nthawi, amadziwa mayina a anthu, ndipo adzakhalapo chaka chamawa kuti ajambulenso malo omwewo. Asamale chabe ndi malo a asilikali ndi bwalo la ndege, kumene kuloza kamera popanda chilolezo kumadzetsa milandu.

Pa Chakwela Makumbi, mwambo wa Asoli wopempha mvula dzinja lisanayambe, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amayatsa moto pa munda n'kubzala mbewu zoyamba. Pamenepo lenzi yokoka ili ndi ntchito ina imene sitiitchula kawirikawiri, ntchito ya ulemu. Wa foni amakakamizika kudzipanikiza kutsogolo, kuimirira pamene ena agwada, kutchinga akuluakulu. Wa lenzi ya 200 akhoza kukhala pansi pamodzi ndi anthu, pamalo pake, n'kutenga utsi, manja ndi mbewu popanda kusokoneza mwambo. Kumudzi nakonso kamera yooneka imasintha zinthu. Foni imaba chithunzi munthu asakudziwa, koma kamera yaikulu siibisika, imakukakamizani kupempha. "Agogo, ndingakujambuleni?" Iwo amayankha kuti, "Dikira kaye mdzukulu wanga," n'kulowa m'nyumba. Amatuluka atavala chitenje chosungira ku tchalitchi, duku atamanga bwino, n'kukhala pa mpando mowongoka, manja pa maondo. Achinyamata ena amadandaula kuti chithunzi chotere si chachilengedwe. Ine ndimati ndi mmene agogowo akufunira kukumbukiridwa, ndipo ufulu umenewo ndi wawo. Mukatha chimenecho, chezani nawo, kamera ili pamwendo. Chachiwiri, cha kuseka, chimabwera chokha.

Ndipo chithunzicho chibwerere kwa mwini wake chili pa pepala. Memori khadi imafa, foni imabedwa, akaunti imatsekeka, ndipo lenzi yabwino ija imangoonetsa mphamvu zake zonse chithunzi chikatsukidwa chachikulu. Mu 2018 ku Lusaka, Sana Ginwalla anapeza mulu wa zithunzi zakale zimene eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios, n'kuyambitsa nazo ntchito yosunga zithunzi yotchedwa Zambia Belonging. Nkhope zake n'zowala bwino, zovala zikuoneka ulusi, koma ambiri mwa anthuwo sakudziwika kuti ndi ndani, ndipo pamafunika kufunsa anthu ngati alipo amene akuzindikira wachibale. Choncho mukatsukitsa, tsukitsani ziwiri, china cha agogo china chanu, ndipo kuseri kwake mulembe ndi pensulo, osati bolopeni imene inki yake imalowerera, dzina lonse la munthuyo, mudzi wake ndi chaka.